Atelala akuti ndibwere Lachisanu

Mawu a atelala aja akundisowetsa tulo, choncho ndaona kuti ndi bwino ndiwalembe.

Ndinkachokera ku mlatho wa Bakili Muluzi, kumene ndakhala ndikujambula akabaza ndi amayi osenza madengu a usipa dzuwa lisanakwere, pamene ndinaona bambo wachikulire atakhala pakhonde la sitolo kufupi ndi msika, akupalasa makina osokera. Kuwala kunkalowa cham'mbali n'kugwera pa manja awo okha, nkhope ili mumthunzi, tepi yoyezera ili m'khosi, ndipo mwendo umodzi wa magalasi awo unali womanga ndi ulusi wakuda. Ndinawapatsa moni, ndinakhala pa benchi la makasitomala, kenaka ndinapempha kuti ndiwajambule momwe analilimo.

Anaimitsa makina n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, chithunzicho chikupita kuti?"

Ndinawafotokozera kuti ndikusonkhanitsa zithunzi zosankhika, za nkhope za anthu ndi za moyo wa m'misewu ya Mangochi, zoti ndizionetsa anthu amene angafune kundipatsa ntchito, ndipo zina ndidzaziika pa intaneti. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula. Atatero anati, "Ndiye kuti anthu amene sindikuwadziwa adzandidziwira m'malaya othimbirira awa? Ojambula adutsapo ambiri pano, ndipo chimene amafuna ndi chigamba, khoma logumuka, mwana wosasamba. Ngati mukufuna ineyo, mubwere Lachisanu ndikamachokera ku mzikiti, nditavala mkanjo wanga woyera ndi kofia." Ndinayesa kunena kuti, "Bambo, manja anuwa ali pa ntchito ndi okongola kuposa chovala chilichonse," koma iwo anangoseka pang'ono n'kuyambanso kupalasa. Sanakwiye ayi, ndipo pochoka anandiuza kuti ndiyende bwino.

Chimene chandivuta n'chakuti anthu awiri amene ndimawasirira kwambiri pa luso limeneli akadayankha mosiyana, ndipo onse ndimawakhulupirira. Henri Cartier-Bresson wa ku France ankamata tepi yakuda pa mbali zonyezimira za kamera yake ya Leica kuti anthu asamuzindikire, chifukwa kwa iye chithunzi chenicheni chinali cha kamphindi kamene munthu sakudziwa kuti akuonedwa. Zithunzi zake ndizo zinandiphunzitsa kudikira pamalo amodzi, monga ndimachitira pansi pa nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria, mpaka njinga, mthunzi ndi munthu zitakumana bwino. Koma Seydou Keïta, amene anatsegula situdiyo yake ku Bamako m'dziko la Mali m'chaka cha 1948, ankachita zimene atelala aja akupempha. Anthu ankabwera kwa iye atatchena, iye ankapachika nsalu yamaluwamaluwa kumbuyo kwawo pabwalo la nyumba yake, ndipo ankasunga mawotchi, zolembera, wailesi ngakhale njinga yamoto kuti munthu asankhe chimene akufuna kuoneka nacho. Ndikayang'ana zithunzi zake sindiona chinyengo chilichonse. Ndimaona anthu amene anapatsidwa mpata wonena okha kuti iwo ndi ndani, pa nthawi imene ojambula achitsamunda ankawajambula ngati zinthu zodabwitsa za kutchire.

Madzulo ano, kapena mwina anali masana magetsi asanazime, ndinatsegula kompyuta n'kuyang'ananso zithunzi zimene ndasankha kale. Zambiri ndi za anthu amene ali pa ntchito yolemetsa: asodzi akukoka khoka, mnyamata akukankha wilibala ya njerwa, mayi akuyanika nsomba pa thandala. Ndimazikonda ndipo sindikuzichotsa, pakuti Mangochi ameneyo ndi weniweni. Komabe mtima wanga unalemera poona kuti palibe ngakhale chimodzi chimene mwiniwake anasankha yekha kaimidwe kapena kavalidwe, ngakhale kuti m'tauni muno anthu amadziwa kuvala, makamaka Lachisanu ndi pa Idi, ndipo munthu wongoona zithunzi zangazo sangadziwe zimenezo.

Ndaganizanso za Malick Sidibé, wa ku Bamako komweko, amene mu 2007 analandira Golden Lion, mphoto yapamwamba ya zaluso, ku Venice m'dziko la Italy. Iye ankapita ku madansi a achinyamata usiku ndiponso m'mbali mwa mtsinje wa Niger, ndipo anthu ankamudziwa, ankamuitana, kotero kuti ankavina momasuka kamera ili pamaso pawo. Mwina njira yake ndiyo imene ndikusowa: kudziwika kaye pamalo mpaka anthu atakuzolowera. Koma zimenezo zimafuna miyezi, pamene ine ndimafuna kuti ntchitoyi ithe mvula isanayambe.

Lachisanu ndipita ndithu. Mapemphero amatha dzuwa lili paliwombo, nthawi imene kuwala kumapanga mithunzi yoipa m'maso, ndipo mkanjo woyera umavuta kujambula padzuwa loterolo, choncho ndiyenera kuwapempha kuti tikaime pakhonde pawo pomwepo. Ndikuganiza zobwereka chitenje kwa achemwali kuti ndikapachike kumbuyo, ngakhale mwina iwo adzafuna khoma lokha. Ndidzatsukitsa chithunzicho n'kukawapatsa chawo. Chimene sindinatsimikize n'chakuti ndikawapemphenso cha pa makina chija kapena ndingochisiya, chifukwa anandiyankha kale, koma manja ajanso ndikuwafunabe.