Wofufuza za chuma asamayankhe kwa munthu amene iyeyo akumufufuza

Pa kampani ya inshuwalansi ya nyumba ndi katundu, gawo lalikulu la ndalama zimene makasitomala amalipira limakhala likudikira tsiku la moto kapena la madzi osefukira. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti wofufuza za chuma wa mkati mwa kampani ayenera kupereka malipoti ake ku komiti ya bodi yoyang'anira kampaniyo, osati kwa mkulu wa kampani, amenenso ntchito zake zimafunika kuunikidwa.

Chinyengo chimakonda kubisala pa malipiro a chipukutamisozi. Munthu amene wapita kukaona sitolo yopsa n'kulemba mtengo wa malata ndi katundu wowonongeka asakhale yemweyo wovomereza malipiro, ndipo nambala ya akaunti ikasinthidwa mwadzidzidzi pa fayilo, wina ayambe waimbira foni mwini sitoloyo ndalama zisanatumizidwe.

Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti ndi malata inakwera, choncho wofufuzayo ayenera kuonanso ngati ndalama zosungidwa kuti zilipire ngozi zikugwirizana ndi mitengo ya lero. Bwanamkubwa wa Reserve Bank of Malawi, yemwe mwalamulo amayang'anira makampaniwa, amadalira manambala ochokera m'mabuku a chuma omwe wofufuzayo amaunika.