Lamlungu ku Zomba: msilikali angadzudzule mtsogoleri wa dziko?

Lero ndinapita ku Zomba kukaona a malume, amene anapuma pa ntchito ya usilikali zaka zambiri zapitazo, ndipo ndinapeza kuti mwana wawo, msuweni wanga, amene ndi msilikali wa Malawi Defence Force, wabwera pa tchuthi. Titamaliza kudya nsima, a malume anatulutsa foni n'kutitsegulira uthenga wa mawu umene unafika pa gulu lawo la WhatsApp la asilikali opuma. Wolankhulayo, amene anatchula udindo wake wakale koma osatchula dzina, ankadzudzula mtsogoleri wa dziko chifukwa cha kukwera mitengo kwa zinthu ndi kuchepa kwa penshoni, ndipo chakumapeto ananena kuti anyamata amene ali m'mabaraki nawonso atopa.

Msuweni wanga atamva mawu omalizawo anaimirira mwaulemu n'kunena kuti, "Bambo, ine izi ndisamve nawo," ndipo anakakhala pakhonde. A malume sizinawasangalatse. Anatembenukira kwa ine nati, "Mphwanga, wakutsina khutu ndi mnansi. Ife tinagona m'tchire ku Mozambique tikulondera njanji ya ku Nacala, ndiye lero tizikhala chete ngati tilibe pakamwa?"

Ndinawayankha kuti iwo pakamwa ali napo ndipo ayenera kupagwiritsa ntchito, koma mwana wawo wachita bwino kutuluka. Malamulo oyendetsera dziko lino amanena kuti Pulezidenti ndiyenso mkulu wa asilikali onse, choncho msilikali amene akadali pa ntchito akamudzudzula poyera, sakungolankhula monga nzika, koma akutsutsana ndi mkulu wake atanyamula mfuti ya boma. Mphunzitsi akanena kuti mtsogoleri walephera, anthu amamva maganizo. Mawu omwewo akatuluka m'kamwa mwa munthu wovala yunifolomu, anthu amamva chenjezo, ndipo amayamba kufunsa kuti mawa kucha bwanji.

Madzulo tinayenda pang'onopang'ono kukafika pa chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, pafupi ndi Cobbe Barracks, chifukwa a malume amakonda kukhala pamenepo dzuwa likapendeka. Tili m'njira ndinawakumbutsa za ku Zimbabwe, nkhani imene iwo anaitsatira pa wailesi tsiku ndi tsiku. Pa 13 November 2017, General Constantino Chiwenga, mkulu wa asilikali a dzikolo pa nthawiyo, anaitanitsa atolankhani ku Harare, atazunguliridwa ndi akuluakulu a asilikali, n'kuchenjeza kuti gulu lankhondo lilowererapo ngati kuchotsana m'chipani cha ZANU-PF sikuleka. Apa n'kuti Robert Mugabe atangochotsa wachiwiri wake, Emmerson Mnangagwa. Sipanathe masiku awiri, magalimoto ankhondo anali m'misewu, ndipo pa 21 November Mugabe anatula pansi udindo. Anthu anavina, ena anajambulitsa zithunzi atakumbatira asilikali, ndipo ine sindiwada, pakuti anali atatopa ndi ulamuliro wa zaka 37. Koma pa 1 August 2018, chisankho chitangochitika, asilikali anaombera anthu mumzinda womwewo ndipo anthu 6 anafa. Gulu lankhondo likangozolowera kuti mawu ake ndi amene amasankha wokhala pampando, kulibweza m'baraki kumavuta kwambiri, ndipo amene amavutika ndi anthu wamba omwe anaombera m'manja poyamba paja.

A malume anaima, natsamira ndodo yawo, n'kundifunsa ngati ndikutanthauza kuti msilikali azingoti "inde bwana" pa chilichonse. Funsoli ndi lolemera, ndipo yankho lake lili m'mbiri yathu yomwe. Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 April 2012, panali akuluakulu ena a boma amene sankafuna kuti Joyce Banda atenge udindo ngakhale kuti anali wachiwiri kwa Pulezidenti. General Henry Odillo, mkulu wa asilikali pa nthawiyo, sanapite pa wailesi kukanyoza munthu, koma asilikali anaima kumbali ya malamulo, ndipo pa 7 April mayiyo analumbiritsidwa. Mu 2019 ndi 2020, pa nthawi ya zionetsero zotsutsa zotsatira za chisankho, anthu anaona asilikali otsogozedwa ndi General Vincent Nundwe akuyenda m'mbali mwa ochita zionetsero powateteza. Nundwe anachotsedwa pa udindo mu March 2020, ndipo anachoka osasonkhanitsa atolankhani kuti aopseze aliyense. Anabwezeretsedwa pambuyo pa chisankho chachibwereza cha pa 23 June chaka chomwecho. Amuna awiriwa anakana njira yokhota popanda kusandutsa baraki kukhala bwalo la ndale, ndipo ine ndimaona kuti m'zaka zimenezo dziko linapulumuka chifukwa cha khalidwe limeneli.

A malume anandiponyera nkhani ya Operation Bwezani ya mu December 1993, pamene asilikali analanda zida za Malawi Young Pioneers, gulu la achinyamata la chipani cha MCP, Dr. Kamuzu Banda akadali pampando. Imeneyi ndi nkhani yovuta, chifukwa zimene zinachitikazo zinatsegula njira ya chisankho cha 1994. Komabe chimene chimandigwira mtima ndi chakuti asilikaliwo atamaliza anabwerera m'mabaraki, ndipo palibe mkulu wawo amene anakhala pampando wa Pulezidenti.

Za asilikali opuma maganizo anga ndi ena. Munthu amene wabweza mfuti ndi yunifolomu wabwerera kukhala nzika monga ine, ndipo kumuuza kuti akhale chete mpaka kumanda ndi kumulanda ufulu umene anautumikira. Komanso pali zinthu zimene iye yekha amazidziwa bwino. Mu November 2018 asilikali athu 6 anaphedwa pafupi ndi Beni ku Democratic Republic of Congo ali pa ntchito yosungitsa mtendere. Ngati pali funso lokhudza zida zimene anyamata amapita nazo kumeneko, kapena mmene akazi amasiye ndi ana amasamalidwira, amene ali pa ntchito sangalifunse poyera, choncho akalekanso opuma ndiye kuti lafera m'mimba. Ku United States nakonso amasiyanitsa zinthuzi: General Stanley McChrystal anachoka pa udindo wotsogolera asilikali ku Afghanistan mu June 2010 magazini ya Rolling Stone itasindikiza mawu onyoza akuluakulu a boma la Barack Obama ochokera kwa iye ndi omuthandiza, pamene General James Mattis, amene anali atapuma kale pa usilikali, anadzudzula Donald Trump poyera mu June 2020.

Chimene chinandiipira mu uthenga uja si kudandaula za penshoni, pakuti ndinaona ndi maso anga kabuku kamene a malume amalembamo ngongole za pagolosale, masamba ake atapindika m'makona, sopo ndi shuga zitalembedwa mzere ndi mzere kudikira kutha kwa mwezi. Chinandiipira ndi chakuti wolankhulayo anabisa dzina koma anaonetsa udindo, kenako n'kulankhulira anyamata amene sanamutume. Pamenepo sakudzudzulanso monga nzika; akubwereka mfuti za ena kuti mawu ake aopedwe, ndipo akuika pa mavuto achinyamata ngati msuweni wanga, amene angafunsidwe ku ntchito za uthenga umene sanaupemphe n'komwe.

Titabwerera kunyumba, a malume anandipempha kuti ndiwathandize kulemba kalata yopita ku nyuzipepala yofotokoza za penshoni ya asilikali opuma. Tinakhala patebulo, iwo akunena ine ndikulemba pa foni. Anafuna kuti tiikemo chiganizo chonena kuti asilikali onse akwiya, ine ndinakana, ndipo tinakangana kwa nthawi ndithu mpaka anavomera kuti tilembe zimene iwo eni akuziona: ndalama zimene amalandira, mtengo wa thumba la chimanga, ndi mtengo wa mankhwala. Anaumirira kuti kalatayo itchule Pulezidenti mwachindunji monga mkulu wa asilikali, ndipo pamenepo ndinagwirizana nawo. Asayina dzina lawo lenileni, ndipo ndiitumiza mawa m'mawa ndikafika ku Blantyre.