App inali yoyaka kapena ayi? Sabata imodzi pa mafayilo a ngozi za matakisi

Lolemba limayamba ndi mulu wa mafayilo a Lachisanu ndi Loweruka usiku, chifukwa masiku amenewo madalaivala amakhala pamsewu mpaka kucha. Sabata ino mafayilo analipo 7. Ofesi yathu imaima pakati pa dalaivala, mwini galimoto ndi kampani ya inshuwaransi: kusonkhanitsa umboni, kulemba dandaulo la chipukuta misozi, ndi kulondola ndalama mpaka itatuluka.

Aliyense amalowa ndi funso loti wolakwa ndani. Ife timayamba ndi lina: pa mphindi imene munagundana, galimoto inali pa ntchito yanji? Kwa dalaivala wa pa app, pulogalamu ya pa foni yoitanira takisi, tsiku limagawika patatu. App ikakhala yozimitsa, galimoto ndi ya pakhomo ndipo imadalira inshuwaransi ya mwini wake. App ikayaka koma kasitomala asanaitane, ndi gawo lachiwiri. Dalaivala akavomera ulendo, kuyambira pokatenga munthu mpaka kumutsitsa, ndi gawo lachitatu. Kusiyana kwake si kwamasewera. Ku America, inshuwaransi ya Uber, imodzi mwa makampani a app zoterezi, pa gawo lachiwiri imalekera pa madola 50,000 kwa munthu mmodzi wovulala, 100,000 pa ngozi yonse ndi 25,000 pa katundu wa ena, pomwe pa gawo lachitatu imafika madola 1 miliyoni. Mayiko ena ali ndi ziwerengero zawo, koma mpata wa pakatiwu umapezeka kwambiri.

Fayilo yoyamba inagwera mumpata womwewo. Dalaivala anawomba galimoto ina kumbuyo pa maloboti, maso ali pa foni kudikira kasitomala. Inshuwaransi yake inali ya galimoto yoyendera pawekha, ndipo m'pangano muli mzere wokana ngozi yochitika galimoto ikugwira ntchito yonyamula anthu polipiritsa. A inshuwaransi anakana. Ya ku app inavomera kukonza galimoto yogundidwayo basi, yake ayi. Iye ankaganiza kuti ali ndi inshuwaransi ziwiri, osadziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa. Chimene chikanamuteteza ndi inshuwaransi ya galimoto ya malonda, kapena kuwonjezera gawo lonyamula anthu pa imene anali nayo. Ndi yokwera mtengo, n'chifukwa chake ambiri amangoti Mulungu adziwa.

Nkhani ya Lachiwiri inagona pa kusiyana kwa mphindi zisanu. Lipoti la apolisi linangoti ngozi inachitika "cha m'ma 12 koloko usiku", ndipo kampani ya inshuwaransi inagwira pomwepo kunena kuti ulendo unali utatha kale 11:52, ndiye galimoto inali yabwerera pa gawo lachiwiri. Dalaivala, bambo wachikulire, anatulutsa foni yong'ambika galasi n'kuitsetsereza pa tebulo. "Taonani apa, achimwene, mayi aja anali asanatsike." Munali chithunzi cha bampala yophwanyika chojambulidwa 11:47, ndi china cha sikirini ya app ulendo ukadali mkati. Zithunzi ziwiri zokhazo zinasintha fayilo yonse.

N'chifukwa chake timawakakamiza madalaivala kuti, ovulala akathandizidwa, ajambule magalimoto asanasunthidwe: ngodya zonse zinayi, manambala a magalimoto, mizere ya matayala pa phula, zikwangwani za pamsewu, chiphaso cha inshuwaransi cha mnzawoyo, ndi sikirini ya app nthawi ikuoneka. Atenge nambala ya mboni imodzi kapena awiri, ndi nambala ya lipoti kupolisi. Asavomere kulakwa pamsewu ngakhale mtima ukuwatsutsa, ndipo asapereke ndalama m'manja kuti nkhani ithere pompo. Mapangano ambiri a inshuwaransi amaletsa zimenezi, komanso munthu wolandira ndalamayo akhoza kubwera pakatha milungu itatu ndi kalata ya dokotala yonena za khosi. Kudziwitsa a inshuwaransi kukhale tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Pangano lililonse limatchula masiku ake, ndipo kuchedwa ndi chifukwa chosavuta chokanira dandaulo.

Lachitatu tinali ku garaja ndi woyesa kuwonongeka. Galimoto yowombedwa kutsogolo imanamiza maso. Kunja mumaona bampala, nyali imodzi ndi boneti yopindika. Makaniko akamasula, mumapeza radiyeta yaboola, fani yasweka, zitsulo zonyamula injini zapindika, ndipo ngati ma airbag, matumba a mpweya oteteza anthu pa ngozi, aphulika, pamafunikanso malamba a mipando ndi kakompyuta kowayendetsa. Mtengo wokonzera ukayandikira mtengo wa galimoto, a inshuwaransi amaitenga ngati yotheratu. Apa m'pamene anthu amalira. A inshuwaransi amalipira mtengo wa galimoto pa tsiku la ngozi, osati umene munagulira, osatinso ngongole yotsala ku banki. Takisi imadya makilomita a zaka zitatu m'chaka chimodzi, choncho mtengo wake umagwa msanga kuposa mmene ngongole ikutsikira. Pa fayilo ya tsikuli, cheke inapita ku banki yonse, sinakwanire, ndipo mwini galimoto anatsala ndi miyezi 9 yolipira galimoto imene ili pa mulu wa zitsulo.

Zimene zimagwetsa madalaivala ambiri, komabe, si kukonza galimoto ayi. Ndi masiku amene galimoto yaima. Lachinayi tinawerengera limodzi ndi dalaivala wina amene galimoto yake yatha masiku 23 ikudikira nyali ndi chitseko. M'masiku amenewo banki ikudula ndalama yake ya pamwezi, inshuwaransi ikufuna yake, ndipo garaja siitulutsa galimoto asanalipire excess, ndalama ija mwini galimoto amayamba wapereka yekha a inshuwaransi asanaikepo yawo. Kampani ya app nayo inatseka akaunti yake pofufuza ngoziyo, moti ngakhale galimoto yobwereka sikanamuthandiza. Inshuwaransi wamba siibweza ndalama zimene mukanapeza. Mukhoza kuzifuna kwa inshuwaransi ya wolakwayo, koma amafuna umboni wa zimene mumapeza pa sabata, atachotsa mafuta ndi komishoni ya app. Wa pa app amangotsitsa ma sitetimenti a miyezi itatu. Wa takisi yolipiritsa ndalama m'manja amene salemba kalikonse m'kope amatuluka chimanjamanja.

Ngongole pa ntchito imeneyi si nkhani ya dalaivala mmodzi wosasamala. Ku New York, chiphaso choyendetsera takisi yachikasu, chimene amati medallion, chinaposa madola 1 miliyoni m'chaka cha 2014. Makampani a app a Uber ndi Lyft atakula, mtengo wake unagwa kufika pansi pa 200,000, ngongole zili pomwepo. Mu 2021 madalaivala anasala kudya masiku 15 panja pa City Hall, likulu la khonsolo ya mzindawo, mpaka panachitika mgwirizano wotsitsa ngongole zambiri kufika pa madola 170,000. Munthu wa ngongole yotere amayendetsa maola 14, amachedwetsa kusintha mabuleki, amayendera tayala mpaka kukhala ngati mpira. Ku mayiko ambiri lamulo limafuna mizere ya tayala yakuya mamilimita 1.6, ndipo woyesa wa inshuwaransi amayenda ndi kachitsulo koyezera m'thumba. Akapeza tayala lodyeka pa ngozi ya pamvula, dandaulo limavuta pomwepo.

Lachisanu ndi la ovulala, mafayilo amene amatha chaka kapena ziwiri, chifukwa palibe amene amatseka dandaulo dokotala asananene kuti munthu wachira mpaka pati. Loya wa wovulala amalemba onse atatu: dalaivala, mwini galimoto ndi kampani ya app. Kampani imayankha kuti iyo imangolumikiza anthu, dalaivala ndi wodzilemba yekha ntchito. Mu February 2021 khoti lalikulu kwambiri ku Britain linagamula kuti madalaivala a Uber ndi ogwira ntchito oyenera malipiro osachepera mulingo wa boma ndi tchuthi, ndipo nthawi yawo ya ntchito imayamba akayatsa app ali okonzeka kulandira ulendo. Mlandu unali wa malipiro, osati wa ngozi, ndipo amene amaugwiritsa ntchito ngati yankho la ngozi iliyonse amathamanga.

Fayilo yomaliza inali yoipa kuposa zonse. Mwini galimoto anapereka galimoto kwa dalaivala pa mgwirizano wa pakamwa wolipira pa sabata. Dalaivalayo atatopa, anapatsa mnzake kiyi ndi foni kuti ayendetse usiku pa akaunti yake. Wachiwiriyu ndiye anachita ngozi, kasitomala n'kuthyoka mwendo. Dzina lake silili pa inshuwaransi, silili pa app. Titayimba foni kuti titsimikize pangano la mwini galimoto, tinauzidwa kuti linaimitsidwa masiku anayi ngoziyo isanachitike, chifukwa ndalama ya mwezi uno sinadulike, mu akaunti munalibe kanthu. Uthenga wochenjeza unatumizidwa pa nambala yakale. Mwini galimotoyo tamuitana Lolemba 8 koloko, abwere ndi ma sitetimenti a ku banki ndi foni yakaleyo, ngati akadali nayo.