Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mita ya amalume

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapitalo, makamaka agogo a ku Domue aja amene mdzukulu wawo amawawerengera pa foni. Ambiri mwafunsa za mita yakuda yoyezera magetsi imene imaoneka pa shelefu m'zithunzi zanga. Koma alipo mmodzi, dzina sinditchula, akudzidziwa yekha, amene analemba kuti mitayo ndinalanda kwa ana amasiye. Mawu amenewo andisowetsa tulo. Lero ndiyankha, ndipo sindidzayankhanso.

Mitayo ndi AVO Model 8, ya ku England. Mtundu umenewu anayamba kuupanga mu 1951, n'kudzausiya mu 2008. Amalume anaigula kwa mzungu wina ku Salisbury, masiku amene amuna a ku Angónia ankapita ku Rhodesia kukasaka ntchito. Atabwerera anatsegula kanyumba kokonzeramo mawayilesi ku Vila Coutinho, kumene lero timati Ulónguè.

Za usiku umene tinathawa nkhondo mu 1986 ndinafotokoza kale. Chimene sindinanene n'chakuti amalume anasiya njinga, anasiya makina osokera a akazi awo, koma mita anaikulunga m'chitenje n'kuibereka kumsana. Chinthu cholemera pafupifupi makilogalamu 3, phiri lonse lija mpaka ku Dedza. Anthu ankawanena kuti apenga. Koma n'chimene chinatidyetsa kumeneko. Ankakhala pansi pa mtengo pafupi ndi msika, anthu akwathu akubwera ndi mawayilesi awo a Xirico, Amalawi ndi ma Nzeru awo, aliyense akufuna kumva za nkhondo kumudzi. Chowotcherera chawo chinali chamkuwa chotenthetsa pa mbaula. Ntchito yanga inali kukupiza makala ndi kugwira waya wakuda. Pansi pa manambala a mitayo pali kagalasi kopindika, ndipo tsiku lina anandikankhira mutu pamenepo.

“Tsinzina diso limodzi, mphwanga. Singano ikaphimba chithunzi chake m'galasimo, pamenepo ndiye werenga. Ukawerengera chammbali, wanamiza mwini wayilesi.”

Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, tinabwerera, ine ndinatsikira ku Tete, ndinapeza ntchito, ndinakwatira, ana anabadwa.

Uthenga wa matenda a amalume unandipeza kuntchito. Ndinakwera chapa (minibasi), ndipo kuchokera pa Moatize mpaka kukwera mapiri a Angónia sindinalankhule ndi munthu. Ndinawapeza pamphasa, munthu wamphamvu uja atatha, mafupa okhaokha, maso atalowa. Anandizindikira. Anakodola msuweni wanga kuti atulutse mita kunsi kwa bedi, n'kuiika pambali pawo. Anayesa kupotoza swichi ya kumanzere, chala chinaterereka. Anayesanso. Swichi za AVO n'zolimba, zimalira kuti khethe, ndipo dzanja limene linazipotoza moyo wake wonse linalephera. Ndinaona milomo yawo ikunjenjemera. Ndinafuna kuwathandiza koma ndinaopa kuwachititsa manyazi, ndiye ndinangogwada. Kenako anagwira dzanja langa, analiika pamwamba pa mitayo, lawo pamwamba pa langa, lozizira, lopepuka. M'nyumbamo munali amayi anga, akazi awo ndi akuluakulu awiri a ku tchalitchi. Anati, “Ichi n'cha mwana wa mlongo wangayu.” Sananenenso kanthu. Anatisiya kusanache.

Tsiku logawa katundu msuweni anaimirira n'kunena kuti zoti mwana wa mlongo azilowa chuma cha malume n'zachikale, katundu wa bambo ndi wa ana ake. Amayi anafuna kuyankha, ine ndinawagwira mkono. Ena mwa abale amanditenga wamantha mpaka lero chifukwa cha zimenezo. Si mantha. Pa nkhani ya nyumba ndi ziweto ndimagwirizana naye msuweniyo, ana asamavutike bambo awo atasiya zinthu. Ndipo sindikanakangana pa bwalo la maliro a munthu amene anandilera. Ndinangopempha chimodzi: “Asuweni, muchotsemo mabatire.” Sanandiyankhe.

Mu 2014, chaka chimene anatsegula mlatho wa Kassuende, msuweni anatulukira kwanga ndi mita ija m'thumba la feteleza. Mwana wake ankafuna ndalama za sukulu. Anatchula mtengo, sindinanenerere, ndinapereka pamaso pa akazi ake ndi mayi a kunyumba kwanga. Ndiye inu mukuti ndinalanda, pitani mukawafunse anthu amenewa, onse ali moyo. Chinthu chimene ndinapatsidwa ndi mwini wake ndinachita kugula.

Mabatire sanachotsemo. Mita imeneyi imadya mabatire awiri, lalikulu la 1.5 volts ndi kena kakang'ono ka 15 volts koyezera ma ohm ambiri (ohm ndi muyeso wa mmene chinthu chimakanizira magetsi kudutsa). Onse anali ataphulika kalekale. Nditatsegula kachitseko kake ndinapeza zitsulo zogwira mabatire zitadyeka, zobiriwira ngati ndere za pachitsime, mawaya akuduka ndikangowakhudza. Usiku umenewo sindinaigwirenso. Ndinakhala panja, kutentha kwa Tete kuja, mayi a kunyumba n'kundibweretsera madzi osandifunsa kanthu.

Ndinayamba ndi kutsuka. Mabatire akale aja madzi ake amafuna soda wophikira, pamene a alkaline a masiku ano amafuna vinyo wosasa, musamasokoneze. Zitsulo zina ndinasema zatsopano kuchokera ku kachidutswa ka mkuwa. Kenako mtima wake wa mita, koyilo imene imayendetsa singano. Apa ndiye pamafunika kupuma pang'onopang'ono. Koyiloyo imazungulira m'kampata kakang'ono pakati pa maginito, ndipo maginitowo anali atakoka tizidutswa ta dzimbiri, singano n'kumakakamira pakati. Simulowetsamo chitsulo m'menemo. Ndinadula kapepala kolimba, kunsonga ndinamatako kaselotepi, n'kumatola kachidutswa kamodzikamodzi, fani nditazimitsa kuti mphepo isapinde timasipuling'i towonda kuposa tsitsi. Thukuta linkagwera patebulo. Nditapuzira pang'ono singano ija, inayenda mpaka kumapeto n'kubwerera yokha pa ziro, osaima panjira.

Tsopano mverani inu achinyamata amene mumandifunsa mmene ndimadziwira kuti mita yakale ikunena zoona. Pa nkhope ya AVO 8 analembapo kuti 20,000 ohms pa volt iliyonse. Ndiye mukaika swichi pa 10 volts DC, n'kuyeza pakati pa miyendo yake iwiri ndi mita ina ya manambala, muyenera kupeza 200,000 ohms. Pa 100 volts mupeze 2,000,000. Yanga pa 2.5, pa 10 ndi pa 25 inali bwino. Kuyambira pa 100 kupita m'mwamba, zii. Ma resistor ake, tizida tochepetsa magetsi odutsa, analumikizana mondondozana, ndiye imodzi ikaduka, zonse za patsogolo pake zimafa. Kuchoka pa 25 kufika pa 100 pali ma volt 75, kuchulukitsa ndi 20,000, yankho ndi 1,500,000 ohms. Ndinaipeza, madzi a batire atadya mwendo wake. Ndinalumikiza zatsopano ziwiri za 1% kuti zikwane nambala imeneyo. Yakufayo sindinataye. M'malo mwa kabatire ka 15 volts, kamene m'masitolo a kuno simungakapeze, ndinasanja timabatire tozungulira ta CR2032 tisanu, ta 3 volts kalikonse.

Poyesa, mita ziwirizo muzizilumikiza pamodzi pa gwero limodzi nthawi imodzi, osati mosinthanasinthana, ndipo AVO igone chagada patebulo, ndimo anaipangira. Ya manambala itanena 9.00, singano inaima pa 9, diso limodzi chotsinzina. Pa magetsi a m'nyumba, swichi ili pa 250 AC, zonse ziwiri zinagwirizana pafupi ndi 220. Kabatani kodula moto, kamene kamadumpha mukalakwitsa swichi, ndinakatsuka n'kuona kuti kakugwira ndi kumasuka bwino.

Achimwene a ku Zóbuè anafunsa kuti n'kuvutikiranji, poti mita ya manambala ndi yotchipa pa msika uliwonse. Ndili nazo, achimwene, ndipo ndimazigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Koma mapepala a mawayilesi akale ambiri manambala ake anawayeza ndi mita ya 20,000 ohms pa volt. Ya manambala ili ndi 10,000,000 ohms, siikoka moto, ndiye pena imakupatsani nambala yokwera n'kumafunafuna vuto pamene palibe. Imaonetsanso magetsi pa waya wakufa amene wangogona pafupi ndi wamoyo, pamene AVO imagwetsa zimenezo pansi. Ndipo pochuna wayilesi, singano mumaiona ikukwera, kuima, kuyamba kutsika. Manambala amangophethira.

Mbali ya 2,500 volts sindinaiyese ndipo sindilola mwana aliyense kuiyandikira. Lamba wachikopa ndinasiya yemwe uja, ngakhale ndi wong'aluka.

Msuweni anabweranso chaka chatha ndi wayilesi ya amayi ake, Xirico yomwe ija ya ku Dedza. Ndinaikonza ndi mita ya bambo ake iye akuona, sindinamulipiritse, ndipo anagona kwathu. Wolemba mawu aja adziwe zimenezo. Gawo likubwerali ndi la oscilloscope (makina oonetsa mafunde a magetsi pa sikirini) ya ku Soviet Union, C1-94, imene ndinaipeza kwa ogula zitsulo ku Moatize, ndi mmene mayi a kunyumba anailetsera kulowa m'nyumba mpaka nditaiyatsira panja kudzera pa babu.