Anandiimbira ndili pamaliro: momwe ndinathanirana ndi otolera ngongole

Foni yoyamba inalira Lachiwiri m'mawa ndili pamaliro kufupi ndi kwathu ku Santhe, adzukulu atangofika kumene kudzanena kuti manda atha. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe poganiza kuti ndi wogula soya, koma munthuyo anatchula dzina langa lonse ndi mudzi wanga, kenako anati akuimba kuchokera ku kampani yotolera ngongole. Anati ndili ndi ngongole ya K310,000 ndipo ndikapanda kulipira pasanathe masiku asanu ndi awiri, abwera ndi galimoto kudzatenga njinga yanga yamoto ndi katundu wa m'golosale. Nditafunsa kuti ngongoleyo ndi iti, anangoti, "Bambo, mukuidziwa bwino, musatitayitse nthawi," ndipo foni itaduka panabwera uthenga wa nambala yoti nditumizepo ndalama.

Poyamba ndinaganiza kuti ndi akuba a pa foni, aja otumiza mauthenga oti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi," amene apolisi akhala akunena kuti ambiri amachitira zimenezi ali m'ndende. Chinandisokoneza n'chakuti iyeyu ankadziwa zoona. Mu Novembala 2022 ndinakongoladi K600,000 ku bungwe lina lobwereketsa ndalama kuti ndigule feteleza wa fodya, koma ndinamaliza kubweza mu Juni 2023 nditagulitsa mabelo anga ku Chinkhoma. Mumtima mwanga nkhani imeneyi inali yakale.

Langizo langa loyamba ndi lakuti musatumize ndalama pa nambala imene mwapatsidwa pa foni, ngakhale munthuyo atakutchulirani dzina la agogo anu. Kuyambira 2018 nambala iliyonse ya foni m'dziko muno imalembetsedwa m'dzina la mwini wake, choncho madzulo ake ndinapempha mnyamata amene ali ndi kabenchi ka Airtel Money ndi Mpamba pa msika kuti tione dzina la nambala ija. Linatuluka dzina la munthu wamba, osati la kampani. Ndikanatumiza, ndikanasonyeza chiyani tsiku lina bungwe litakana kuti silinalandire?

Tsiku lotsatira anaimbanso, ndipo ulendo uno ndinali ndi kope ndi cholembera. Ndinamufunsa dzina lake, dzina la kampani yake, kumene kuli ofesi yawo, bungwe limene lawatuma, ndi momwe afikira pa K310,000. Ndinamuuza kuti andilembere kalata yosainidwa yofotokoza zonsezo, ndipo ndinasamala kuti ndisavomere pa foni kuti ndili ndi ngongole kapena kulonjeza tsiku lolipira. Iye anayesa kundinyengerera kuti nditumizeko K20,000 yokha "yosonyeza mtima wabwino." Ndinakana, chifukwa ukangotumiza kangachepe zimaoneka ngati wavomera kuti ngongoleyo ilipo, ndipo mawa lake kutsutsa kumavuta. Kuyambira pamenepo ndinkalemba m'kope tsiku, nthawi, nambala ndi mawu a foni iliyonse. Zinakwana 14 m'masabata atatu, ina ya 9 koloko usiku.

Ndatsala pang'ono kuiwala chimene chinandipweteka kwambiri, chomwe chinachitika tsiku loyamba lomwelo. Ndisanabwerere kumaliro, anali ataimbira kale amalume, amene anandisainira ngati mboni pa ngongoleyo, n'kuwauza kuti ndathawa ndipo ng'ombe zawo zili pachiswe. Munthu wamkulu wa zaka 70 anapalasa njinga dzuwa likuswa mtengo kudzandifunsa kuti, "Mphwanga, zimenezi ndi zoona? Ukufuna ndife ndi BP?" Ndinasowa poyambira.

Usiku umenewo mayi a kunyumba anatulutsa kachikwama ka pulasitiki komwe timasungamo mabuku a kuchipatala a ana, ndipo malisiti anga onse anali mmenemo. Atatu a pa makina anali atafufutika moti sunkatha kuwerenga ngakhale chaka, pepala lili mbuu. Limene linandipulumutsa ndi lomaliza, la K85,000, lolembedwa pamanja ndi wogwira ntchito wa bungwelo amene ankatiyendera kumudzi, lili ndi chidindo chofiira ndi saini yake. Ndinalijambula pa foni nthawi yomweyo, ndipo m'mawa ndinakalichita fotokope katatu.

Tsopano ndinene za tsiku limene ndinataya ku boma, chifukwa mpaka pano ndikalikumbukira mtima umawawa. Ndinatseka golosale, ndinanyamuka tambala atangolira kachiwiri, ndipo 8 koloko isanakwane ndinali pakhomo pa nthambi ya bungwelo ku Kasungu. Mlonda anandipatsa kapepala ka nambala 6. Nditafika pa kauntala cha m'ma 10, mtsikana anandiuza kuti nkhani za ngongole zakale amaona ndi abwana a ngongole, omwe anali atapita ku Nkhamenya ndipo abwera masana. Ndinapempha kuti pamene ndikudikira andisindikizire sitetimenti ya ngongole yanga. Anati ndilipire K5,000. Ndinafunsa kuti ndilipire bwanji pepala losonyeza kulakwitsa kwawo, koma anandilozera chikalata cha pakhoma n'kuitana wotsatira. Ndinalipira. Nditalipira m'pamene anandiuza kuti netiweki palibe. Ndinakhala pa benchi yachitsulo ija mpaka 12 koloko, pomwe anatseka zenera kuti apite ku nkhomaliro, ine n'kukadya chipisi cha pachiwaya pafupi ndi depoti, chikwama cha malisiti chili m'khwapa. Netiweki inabwera cha m'ma 2, magetsi n'kuzima, ndipo jenereta inatenga pafupifupi ola kuti ilire. Abwana aja anafika 4 koloko itadutsa, anaona lisiti langa ali chiimire, makiyi a galimoto ali m'manja, n'kunena kuti wogwira ntchito amene anasaina anasiya ntchito kalekale, choncho ndibwere Lolemba. Ndinafika kunyumba mdima utagwa, nditawononga ndalama zoyendera, K5,000 ija, ndi malonda a tsiku lonse, m'manja muli pepala limodzi.

Komabe pepala limodzilo linaulula zonse. Ndalama zina zonse zinalowa m'kompyuta, kupatula K85,000 yomaliza. Imeneyo ndiyo inakhala ikubereka chiwongoladzanja ndi chindapusa kwa zaka ziwiri, popanda wondilembera kapena kundiimbira, mpaka bungwe linapereka dzina langa kwa otolera ngongole, amenenso anaikapo zawo.

Lolemba sindinapite chimanjamanja. Mphunzitsi wina mnzanga anandithandiza kulemba kalata yodandaula yopita kwa mkulu wa nthambiyo, momwe tinafotokoza masiku onse amene ndinalipira, tinamatapo fotokope ya lisiti ndi sitetimenti, ndipo tinapempha kuti auze otolera ngongole aleke kundiimbira ine ndi amalume mpaka nkhaniyo itafufuzidwa. Ndinapita ndi makalata awiri ofanana, ndipo sindinachoke pa kauntala mpaka atadinda yanga ndi kulembapo tsiku. Anapempha kuti ndisiye lisiti lenilenilo kuti alitumize ku likulu. Ndinakana, ndipo inunso musalole. Lisiti lenileni amaliona lili m'manja mwanu, chosiya ndi fotokope.

M'kalatamo tinalembanso kuti akapanda kuyankha ndikadandaula ku Reserve Bank of Malawi. Ambiri kuno sadziwa kuti Gavanala wa banki yaikuluyi ndiyenso woyang'anira mabungwe a zachuma monga mabanki, mabungwe obwereketsa ndalama ndi ma SACCO, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala, makamaka ukayamba wadandaula ku bungwe lenilenilo koma osathandizidwa. N'chifukwa chake kalata yodindidwa ija ndi yofunika. Izi zikukhudza mabungwe olembetsedwa mwalamulo. Wa katapila wa pamsika ndi nkhani ina.

Za kulanda katundu, mlamu wanga amene anagwirapo ntchito kukhoti anandikhazika mtima pansi. Anati pa katundu amene sunalembe ngati chikole, munthu woimba foni alibe mphamvu yongobwera kudzanyamula. Wokongoza amayenera kukasuma, iwe umalandira samani n'kukayankha, ndipo khoti likagamula, olanda katundu ndi a sherifu atanyamula chikalata cha khoti. Anandichenjezanso kuti samani ikabwera ndisaibise pansi pa mphasa, chifukwa ukapanda kuyankha mlandu umagamulidwa iwe kulibe. Njinga yanga sinali chikole, choncho foni yotsatira ndinangoti, "Bambo, ndikudikira kalata yanu kapena samani." Sanabweretse chilichonse mwa ziwirizi.

Yankho linatuluka patatha masabata asanu, nditapitanso ku boma kawiri. Anavomera kuti ndalama ija inalandiridwa koma sinalowetsedwe, ngakhale mawu akuti pepani munalibe m'kalatamo. Apa musafulumire kuchoka. Pemphani kalata yonena kuti ngongole yatha, yokhala ndi chidindo, ndipo muwauze akonze dzina lanu ku mabungwe osunga mbiri ya okongola. M'Malawi muno muli Credit Data ndi TransUnion, ndipo mabanki amayang'ana kumeneko asanakukongoze, moti ukhoza kukanidwa ngongole ya feteleza osadziwa chifukwa chake. Ine ndinawaumiriza kuti zimenezi azilembe m'kalata yomweyo. K5,000 ya sitetimenti ndinaifunsanso, koma anati imeneyo sibwezedwa.

Ndibwerezenso za nambala ija, poti mnansi wanga wina anatumiza K50,000 kwa anthu otere chifukwa cha mantha ndipo lero alibe pepala lililonse: ngati ngongole ilipodi, kalipireni ku ofesi kapena ku akaunti ya bungwe, mulandire lisiti.

Patatha mwezi umodzi foni inaliranso, mawu ena koma nkhani yomweyo, ndalama zitafika pa K335,000. Ndinamuwerengera tsiku ndi nambala ya kalata yanga yomaliza ngongole, iye n'kunena kuti kwa iwo uthengawo sunafike. Ndinamuuza kuti akafunse amene anawatuma. Fotokope ina ya kalatayo ndinakapereka kwa amalume, ndipo anaipinda n'kuiika m'Baibulo lawo, koma anandiuziratu kuti chaka chino ndipeze mboni ina.