Chidendene cha agogo ndi pepala la pakhoma

Agogo anga anachita sitiroko chaka chatha, mbali yonse yakumanja inafooka, kuyankhula nakonso kumangotuluka pang'onopang'ono. Tinayesa kuwasamalira pakhomo miyezi itatu koma zinatikanika, tonse timapita kuntchito ndipo kunyamula munthu wamkulu kumuchotsa pabedi kupita naye kubafa si masewera, msana wanga mpaka pano ukudandaulabe. Ndiye tinawapezera malo kunyumba ina yosamalirako okalamba. Dzina sinditchula ayi, si milandu ndabwerera pano.

Tsiku loyamba anationetsa malo ine kugoma. Maluwa panja, TV yaikulu pabalaza, pansi pochita kunyezimira. Pano ndikakumbuka ndimadziseka ndekha, chifukwa zonsezo ndi zomwe mlendo amaona 10 koloko mmawa atauziratu kuti akubwera.

Patatha mwezi ndinapita Lamlungu madzulo osaimba foni, ndinangoti ndikawapake mafuta kumapazi poti amakonda. Kuvula sokosi yakumanja, pachidendene pali malo akuda bii kuposa khungu lina lonse, otentha, olimba pang'ono, ndikadina ndi chala osasintha mtundu. Agogo osadandaula chifukwa mwendo umenewo samvanso bwinobwino. Ine ndinkadziwa kale za zilonda zobwera chifukwa chogona malo amodzi koma ndinkayembekezera kuona pofiira monga amalembera pa intaneti, kumeneko ndiye kupusitsika kwake, pakhungu lakuda sipafiira moonekera, pamangoda kapena kuoneka ngati papepo ndiye munthu wothamanga amadutsa osaona kanthu.

Mmene zimayambira ndi zosavuta kumva. Fupa limapanikiza mnofu pamatiresi, magazi osadutsa, mnofu nkuyamba kufa, ndipo nthawi zina umayambira kufa mkati pamwamba pakuoneka ngati palibe vuto. Madokotala amaziika mmagulu 4, loyamba ndi limene ndinaonalo khungu lisanang'ambike, lachinayi ndi dzenje lofika pamnofu wamkati kapena pafupa penipeni, ndipo likalowa matenda munthu amatha kupita nalo. Malo ake ndi odziwika, zidendene, kumapeto kwa msana pamwamba pa matako, mmbali mwa chiuno, zigongono, ngakhale kunkhongo. Mankhwala ake enieni ndi kumutembenuza munthu pafupifupi maola 2 aliwonse, kumusintha msanga akanyowa, ndi kuika pilo pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere zisakhudze matiresi. Basi. Palibe mashini odula apa, pakufunika manja a munthu.

Ndiye ndinatembenukira kukhoma komwe amapachika pepala lochongapo akamutembenuza wodwala. Lochongedwa bwinobwino, 2 koloko, 4 koloko, 6 koloko, peni imodzi, kalembedwe ka munthu mmodzi, mpaka 10 koloko usiku. Nthawi imeneyo nkuti foni yanga ikuti 7 koloko. Mtima unandiphulika, sindinama.

Ndinamupeza mtsikana wa shifiti yausiku mukolido akukankha ngolo ya zofunda zonyowa, ndinati asisi pepani tabwerani muone, pepalali mwachonga bwanji nthawi isanakwane? Anangoima, maso pansi, kenako nkuti achemwali ndisakunamizeni, usiku timatsala awiri, odwala 30, theka satha kudzitembenuza okha, ndipo pepala likapezeka ndi mipata mmawa ndi ife amene amatikalipira. Ndinabwerera kunyumba ndikuwerengetsera mmutu. Kutembenuza munthu mmodzi bwinobwino, kumupukuta, kumusintha thewera, pamafunika anthu awiri ndi mphindi ngati 10. Anthu 15 ndiye kuti mphindi 150, maola 2 adutsa kale usanamalize ulendo woyamba, apo wina sanaimbe belu, wina sanagwe, wina sanasanze. Masamu ake sakugwira ngakhale mtsikanayo atakhala mngelo. Kuchonga zabodza sindikukuikira kumbuyo, nkulakwa, koma bodzalo analipanga ndi amene anaganiza kuti anthu awiri akwanira.

Pambuyo pake ndinawerenga za bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO kuti mmalo osamalirako anthu ngati amenewa, ogwira ntchito 2 mwa 3 aliwonse anavomera okha kuti chaka chapitacho anachitapo nkhanza ina yake kwa okalamba. Poyamba ndinkaganiza zomenya, koma mmenemo muli kukalipira, kunyoza, kumusiya munthu osamusamala. Nkhanza zambiri zilibe phokoso, ndi belu lolira mphindi 20 popanda obwera.

Kuchokera tsiku limenelo maso anga anasintha. Kapu yamadzi ya agogo inkakhala yodzadza nthawi zonse, ine nkumati eya akuwapatsa madzi, osazindikira kuti ili yodzadza chifukwa amaiika kumanja, dzanja lakufalo. Munthu wokalamba samva ludzu ngati ife, ukapanda kumukumbutsa samwa, kenako thupi limauma, matenda a njira yamkodzo nkulowa, ndipo kwa okalamba matenda amenewa nthawi zambiri amaonekera ndi kusokonezeka mutu mwadzidzidzi. Ndiye wina amangoti agogowa ayamba kuvuta, nkuwapatsa mapilitsi ogonetsa, munthu nkumangogona osadzitembenuza, osamwa, zilonda zija nkumakula. Mwaona mmene chinthu chimodzi chimakokera chinzake. Panopa ndimafunsa dzina la pilitsi lililonse ndi chifukwa chake, andione ovuta palibe kanthu.

Kudyetsa nako. Munthu wa sitiroko kumeza kumavuta, ukamudyetsa chogona kapena mothamanga chakudya chimalowera kumapapo nkuyambitsa chibayo. Amafunika akhale tsonga, supuni yaing'ono, udikire ameze, akamaliza akhalebe choncho mphindi ngati 30. Ndinakhalapo tsiku lina nthawi yachakudya ndikungoyang'ana, mbale ya agogo ena apabedi loyandikana inabwera nkubwereranso osakhudzidwa, pafayilo nkulemba kuti akana kudya. Sanakane, palibe anakhala nawo pansi.

Za kugwa ndingodutsa mwachangu poti aliyense amazidziwa, WHO imati anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse chifukwa chogwa ndipo ambiri ndi opitirira zaka 60. Yang'anani kubafa ngati kuli zogwirira, ngati mukolido mumayaka usiku, ngati mabuleki a wilitcheya amagwira. Zitsulo za mmbali mwa bedi musazikhulupirire kwambiri, wosokonezeka mutu amazikwera nkugwa kuchokera pamwamba zedi, ena amapanikizika pakati pa chitsulo ndi matiresi.

Lolemba lotsatira Lamlungu lija ndinakakumana ndi amanijala, ndinapita ndi zithunzi ziwiri pafoni, chidendene ndi pepala lija nthawi ikuoneka. Ndinawauziratu kuti mtsikana uja musamuchotse ntchito, mukamuchotsa mubweretsa wina adzachonganso chimodzimodzi. Anayamba ndi zoti mayi musadandaule tiziona, ine ndinati ayi bwana, ndikufuna dokotala awaone lero, zilembedwe mufayilo, ndipo mundiuze usiku mukhala anthu angati. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Koma dokotala anabwera, pilo anaika, patatha masabata atatu khungu linabwerera mwakale lisanang'ambike. Wachitatu wausiku anamuonjezera, ngakhale ndamva kuti kumapeto kwa sabata amatsalanso awiri, nkhani imeneyo sinathe.

Pano ndimapita nthawi zosadziwika, mwina 6 koloko mmawa ndisanalowe ntchito, mwina usiku. Ndikangolowa moni kaye, kenako sokosi. Dzulo agogo anandiyang'ana ndikuvundukula bulangete nkunena mwa pang'onopang'ono muja, iwe, wabwera kudzaona ine kapena mapazi? Mtsikana uja anali pakhomo ndi ngolo yake, anaseka mpaka kugwira chitseko, kenako anabwera nkundithandiza kuwatembenuzira kumanzere.