Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chala cha pa pepala

Malo aja a ku Machinjiri ndinawagula mu 2022 ndi ndalama za kaunjika, zomwe ndinkasonkha pang'onopang'ono mumsika wa Limbe. Tinagwirizana K3 miliyoni. Ndinapereka K2 miliyoni pamaso pa amfumu, ndipo mlembi wawo analemba mgwirizano pa pepala lothothola m'kope. Bambo ogulitsawo anadinda chala poti kulemba sankatha. Yotsalayo tinapangana kuti ndimalize pofika Disembala 2023.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Simenti inakwera, shuga anakwera, malo nawonso sanatsale. Patatha masabata awiri ndinamanga miliyoni yanga pa chitenje n'kupita. Ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa. Dzanja sanatambasule.

"Mwana wanga, ndalama ija yasanduka madzi. Ndikubwezera zako, malowa ndapeza wina."

"Bambo, nanga chala chanu chija?"

Anangoti zyoli, mpeni uli m'manja.

Usiku umenewo sindinagone. Pamalopo ndinali nditaunjika kale njerwa zootcha, ndi mtengo wa mapeyala womwe mwana wanga anadzala n'kuutchingira ndi minga kuti mbuzi zisadye. Anthu ankati ndingolandira ndalamazo, milandu imadya munthu. Koma K2 miliyoni imeneyo ikanandigulira chiyani tsopano? Ngakhale ku Lunzu sindikanapeza poika chimbudzi.

Amfumu anatiitana kawiri, bambowo osabwera. Ndiye ndinapita kwa loya. Anatenga pepala lija, lomwe linali litayamba kuthetheka m'mapindiro, naliwerenga kawiri. Anandiuza kuti pa nkhani ya malo khoti likhoza kulamula wogulitsa kuti akwaniritse zomwe analonjeza, chifukwa malo sali ngati thumba la chimanga loti ukagula lina lofanana nalo. Koma choyamba tikapemphe chiletso kuti asagulitse kwa wina mlandu uli mkati. Kuti ndimulipire, ndinagulitsa mabelo awiri pamtengo wolira.

Tsiku loyamba ku khoti lalikulu ku Chichiri ndinalawirira, pepala lija lili m'pulasitiki pachifuwa. Ndili pabenchi panja, panabwera mayi wachikulire wovala duku lakuda, nakhala pafupi nane. Anandipatsa moni mwaulemu, kenako anandigwira bondo.

"Mwana wanga, iwe sunalakwe. Koma alongo angawo anakugulitsa munda wa amayi athu. Malo a mbumba sagulitsidwa ndi mwamuna payekha, ndipo ine ndabwera kudzanena zimenezo kutsogoloko."